Kodi maphunziro a mbiri yakale ku yunivesite angamupezetse ntchito mwana?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikulemba kuchokera ku Mangochi ndipo ndikupempha nzeru zanu. Mwana wa mlongo wanga, yemwe ndimamulipirira sukulu, wakhoza bwino mayeso a MSCE, ndipo pamene tikukonzekera kudzaza fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma, iye akuumirira kuti akaphunzire mbiri yakale ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Amayi ake akufuna kuti achite unamwino chifukwa ntchito yake ndi yodziwika.

Chidwi chake sindikuchikayikira. Mtsikanayu amatha kufotokoza chifukwa chimene tauni ino inkatchedwa Fort Johnston, mmene atsamunda anamenyanirana ndi mfumu Makanjira pa nkhani ya malonda a akapolo, komanso za sitima ya Viphya yomwe inamira pa nyanja yathuyi mu 1946, anthu 145 n'kufa. Nkhawa yanga ili pa tsiku limene adzamalize, pakuti ngongole ya boma ya ophunzira imayenera kubwezedwa, ndiponso ali ndi azing'ono ake omwe akumudalira.

Malo amene ndikuwadziwa ndi National Archives ku Zomba ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale monga ya ku Chichiri ndi Lake Malawi Museum kuno kwathu, koma sindikuona kuti angalembe anthu ambiri. Inu amene munaphunzira phunziroli, kodi mukugwira ntchito yanji lero, ndipo munaipeza bwanji?

Yankho: Bambo, ine ndine mphunzitsi wa sekondale ndipo ndimaphunzitsa phunziro lomweli. Mumulangize kuti asankhe digiri ya uphunzitsi yomwe ili ndi mbiri yakale pamodzi ndi phunziro lina monga Chingerezi, kuti potuluka akhale ndi pepala lomulola kuima m'kalasi. Koma adziwiretu kuti boma limachedwa kulemba aphunzitsi, ndipo ambiri amayambira ku sukulu zomwe si za boma.

Yankho: Achimwene, musamukakamize unamwino ngati mtima wake suli kumeneko, chifukwa odwala amavutika m'manja mwa namwino wotere. Wophunzira mbiri amazolowera kufufuza, kufunsa akuluakulu a m'midzi ndi kulemba malipoti, zomwe zimafunika ku utolankhani ndi ku mabungwe ochita kafukufuku. Ngati amalankhulanso Chiyao, ayambe kufunsira ntchito zoterezi pa tchuthi akadali pa sukulu.