Zojambula pa makoma ku Linga: tiyambire pati?

Mwana wa ku Linga

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ku George Town, pa chilumba cha Penang ku Malaysia, dera lakale la tauni linadzukanso chifukwa cha zithunzi za pa makoma. Mu 2012 mmisiri wa ku Lithuania, Ernest Zacharevic, anajambula ana awiri pa khoma la mu Armenian Street n'kukhomerapo njinga yeniyeni, ndipo alendo amaima pa mzere kuti ajambulitse pamenepo. Kuno ku Nkhotakota tili ndi mkuyu umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe (mfumu ya Chiswahili yomwe inkagulitsa akapolo), tchalitchi cha All Saints pomwe pali manda a Bishopu Chauncy Maples, mzikiti wakale ndi njira yotsikira ku nyanja. Koma mlendo amaima pang'ono n'kubwerera ku msewu waukulu wa M5. Achinyamata ena akufuna kujambula makoma a m'njira yochokera ku msika kukafika ku nyanja. Ayambire pati, ndipo agule penti yanji yoti isasupuke mvula yoyamba?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road

Achimwene, za penti zidikire kaye. Chithunzi chimafa chifukwa cha khoma, ndipo makoma a kufupi ndi nyanja ambiri amamwa chinyontho kuchokera pansi.

Yesani motere. Dulani pulasitiki wa masentimita 50 mbali zonse, mumumate pa khoma ndi tepi kuzungulira konse, pamalo awiri: chakumunsi ndi chapakati. Akhale masiku awiri. Mukapeza thukuta mkati mwa pulasitiki, kapena khoma lada pamenepo, khomalo lisiyeni. Chimodzimodzi mukaona ufa woyera ngati mchere m'munsi mwa chipupa. Madzi akamakwera m'njerwa amanyamula mchere, ndipo mcherewo ukauma kuseri kwa penti umaikankha mpaka itatumphuka matuza. Yang'ananinso denga. Malata akakhala aafupi, madzi amagwa pafupi ndi maziko n'kuthovukira khoma ndi matope. N'chifukwa chake masentimita 60 a m'munsi musajambulepo kanthu, ingopakani mtundu umodzi wakuda kapena wofiirira woti muzibwereza chaka ndi chaka.

Pulasitala watsopano wa simenti adikire masiku 28. Anthu amapupuluma n'kupaka patatha sabata imodzi, kenako mitundu imawauka chifukwa simenti yaiwisi imadya penti. Khoma lakale lipaleni ndi bulashi ya waya mpaka penti yonse yofumbutuka itachoka. Pomwe pali ndere tsukani ndi Jik, kapu imodzi ku makapu anayi a madzi, mutsukuluze ndi madzi oyera, liume masiku awiri. Ming'alu itsekeni. Mukasisita ndi chikhatho n'kutuluka ufa, simunamalize kupala.

Tsopano penti. Poyamba pulaimala ya pa pulasitala (penti yoyambirira yothandiza kuti inzake igwire), kenako penti ya akiriliki ya panja. PVA wotchipa wa m'nyumba uja sapirira dzuwa la kuno, ndipo gulosi wa mafuta amatseka khoma kuti lisapume, n'kumasupuka zikambazikamba. Lita imodzi imakwana masikweya mita 8 pa khoma losalala, pokhakhala mwina 6. Khoma la mamita 6 m'litali ndi 2.5 m'mwamba ndi masikweya mita 15, ndiye gulani malita 2 kapena 3 a pulaimala, chitini cha malita 5 cha penti yoyera yopaka kawiri, ndi lita imodziimodzi ya wofiira, wachikasu, wabuluu ndi wakuda. Mitundu ina mudzasakaniza nokha. Osathira madzi opitirira gawo limodzi pa magawo khumi. Wofiira wa okusaidi, wonga wopaka pansi pa khonde uja, ndi wachikasu wonga dothi amakhalitsa kwambiri. Pinki ndi wofiira wowala amafwifwa msanga, makamaka pa khoma loyang'ana kumadzulo lomwe limapsa ndi dzuwa la masana.

Gogo wa Mbiri

Mwafotokoza bwino amisiri. Ine ndiwonjezere kuti ku George Town zithunzi sizinayambe zokha. Tauniyo inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a mbiri ofunika pa dziko lonse mu 2008, pamodzi ndi mzinda wa Melaka wa ku Malaysia komweko, chifukwa cha nyumba zake zakale, ndipo zojambula zinabwera kudzakokera anthu m'misewu yomwe inali kale ndi mbiri. Ndiye mwanawe, nyumba zakale zenizenizo musazikhudze ndi bulashi. Tchalitchi, mzikiti, manda ndi malo ozungulira mkuyu zisiyeni momwe ziliri. Malo otetezedwa ali pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo ofunsidwa ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments. Inu jambulani mipanda, magolosale ndi makoma a m'mbali mwa njira yolumikiza malowa, chithunzi china chizionekera munthu ataima pa chinzake, kuti mapazi azimukokera okha ku nyanja.

Chilolezo chiyambire kwa mwini khoma, molemba, ndipo pepalalo linene kuti chithunzi chikhala zaka zingati komanso adzachikonza ndani chikayamba kutha. Kenako kwa amfumu ndi ku khonsolo. Ku Djerba, chilumba cha ku Tunisia, ojambula pafupifupi 150 anakongoletsa mudzi wakale wa Erriadh mu 2014, koma anayamba apempha eni nyumba. Kuno nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Pafupi ndi mzikiti funsani mashehe, chifukwa Asilamu ambiri sakondwera ndi nkhope za anthu pamalo otero. Pamenepo jambulani zombo za matanga, ngala za mpunga, maukonde kapena maluwa a pa zitseko zosema. Zilombo za Gule Wamkulu musajambule eni dambwe asanavomere. Nkhani ya ukapolo nayo siyobisa, anthu ambirimbiri anawolotsedwa nyanja kuchokera pano, koma zidzukulu za mbali zonse ziwiri zimagula pa msika umodzi. Chithunzi chotero chiyambe chaonedwa pa pepala pa bwalo la amfumu.

China choti mudziwe: ku George Town alendo atachuluka, lendi inakwera ndipo mabanja ena akale anasamuka m'deralo. Otsogolera alendo ndi ogulitsa m'njiramo akhale eni dera kuyambira tsiku loyamba.

Nachisale wa ku Chia

Musaiwale nkhungu! Mtambo wa tizilomboto ukatera pa penti yaiwisi, ntchito ya tsiku lonse yaonongeka. Mukaona ngati utsi ukufuka pa nyanja, tsekani zitini. Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kuyambira m'mawa mame atauma mpaka cha m'ma 10 koloko, mwera usanayambe kuulutsa fumbi. Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa penti pamwamba pokha, mkati ikadali yaiwisi.

Pokulitsa chithunzi simufunika makina. Lembani mabokosi a masentimita 5 pa pepala, pa khoma a masentimita 50, ndi chingwe chopaka choko. Koperani bokosi limodzilimodzi. Makala ayi, amadetsa mitundu yowala.

Mwana wa ku Linga

Zikomo nonse. Nanga makoma opakidwa laimu kuyambira kale, amene ndi ambiri kumunsi kuja, titani nawo?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road

Pa laimu akiriliki sagwira, amamatirira ku ufa n'kugwa nawo limodzi. Bwererani ku laimu yemweyo. Munyikeni m'madzi usiku wonse, musefe, achite ngati mkaka osati phala. Ufa wa okusaidi usapitirire kilogalamu imodzi pa makilogalamu 10 a laimu, ukachuluka umatsalira m'zovala za odutsa. Nyowetsani khoma musanapake, ndipo pakani mopyapyala katatu kapena kanayi, tsiku limodzi pakati. Mtundu umaoneka wakuda ukakhala wauwisi n'kuyera kwambiri ukauma, choncho yesani kaye pa kona. Valani magalasi ndi magulovu, laimu amawotcha maso ndi khungu. Chithunzi chotere chimafuna kubwereza pakatha mvula imodzi kapena ziwiri, ndiye chikhale cha mizere ikuluikulu yosavuta kutsatira.

Pomwe khoma lakanika chifukwa cha chinyontho, pitani kwa owotcherera. Ku George Town komweko kuli zithunzi 52 zopinda ndi zitsulo, zofotokoza mbiri ya misewu. Kuno chitsulo cha mamilimita 8 chikwana. Chipakeni okusaidi wofiira woletsa dzimbiri, kenako penti yakuda kawiri, n'kuchiimika pa mapaipi ake awiri okwiriridwa mu konkire, patali pang'ono ndi khoma kuti mphepo izidutsa kuseri.