Kuwerengera okosijeni amene himogulobini wagwira

Wophunzira, Nsanje: Akuluakulu, ndingawerengere bwanji gawo la himogulobini (chinthu cha m'magazi chonyamula okosijeni) limene lagwira okosijeni pamene mphamvu ya mpweyawu m'magazi ili 40 mmHg (muyeso wa mphamvu ya mpweya)?

Namwino, Chikwawa: Tsatirani njira ya masamu yotchedwa Hill. Gawani 40 ndi 26.8, mphamvu imene theka la himogulobini limakhala litagwira okosijeni, ndipo zotsatirazo mukazikweza ku pawa 2.7 (nambala ya Hill ya himogulobini) mupeza pafupifupi 2.95. Mukagawa 2.95 ndi 3.95 (ndiye kuti 2.95 kuphatikiza 1) mupeza pafupifupi 0.75, kapena kuti 75 peresenti, monga zimakhalira m'magazi obwerera kumtima kuchokera m'minofu.

Mphunzitsi, Ngabu: Anamwino anena zoona, koma 26.8 ija ndi ya thupi la madigiri 37. Munthu akatentha thupi ndi malungo nambalayi imakwera, choncho himogulobini amasiya okosijeni mosavuta m'minofu.

Wophunzira, Nsanje: Zikomo kwambiri. Ndayesanso pa 100 mmHg ndipo ndapeza 97 peresenti.