Mliri ukabuka, ndi mwana uti angadikire endoscopy, ndi uti sangadikire?

Wophunzira unamwino, Lusaka

Akuluakulu, ndithandizeni. Covid-19 itafalikira mu 2020, zipatala m'maiko ambiri zinaimitsa kuunika ana m'mimba ndi kamera (endoscopy), kupatula odwala mwakayakaya. Kachilomboko n'ka m'mapapo, nanga endoscopy ikukhudzidwa bwanji? Ndiponso mwana akafika pa kiliniki ku Chawama kapena ku Matero mliri uli mkati, tidziwa bwanji woti apite ku chipatala chachikulu cha UTH lero lomwe ndi woti adikire?

Sisita wa m'chipinda cha endoscopy

Mng'ono wanga, vuto lili pa mpweya. Paipi ya kamera imadutsa pakamwa ndi kum'mero, mwana amatsokomola, makina amapopera mpweya m'mimba ndi kuyamwa malovu. Zonsezi zimamwaza timadontho tosaoneka timene timayandama m'chipinda kwa nthawi. N'chifukwa chake masiki wamba sakwanira: pafunika masiki osefa mpweya otchedwa N95 ogwira bwino kumaso, chotchinga maso, gauni ndi magolovesi. Ambiri amadzipatsira kachilombo povula, osati povala, makamaka akagwira kutsogolo kwa masiki.

Chimene chimachepetsa chiwerengero cha ana ounikidwa pa tsiku ndi kudikira. Ngati mpweya wa m'chipinda umasinthika ka 12 pa ola, pafunika mphindi 23 kuti 99 peresenti ya timadontho tichoke. Ngati umasinthika ka 6, ndi mphindi 46. Muwerenge nokha kuti m'mawa umodzi mulowa ana angati.

Kutsuka paipi sikusintha, ndipo asakunamizeni kuti mliri ufuna mankhwala achilendo. Pukutani ndi kuyamwitsa madzi a sopo pomwepo pabedi, yesani ngati paipi ikudontha, tsukani timabowo tonse ndi burashi, viikani m'mankhwala ophera tizilombo a glutaraldehyde wa 2 peresenti kwa mphindi 20, tsukuluzani, umitsani. Mukadumpha burashi, mankhwala amangoumitsa magazi ndi mamina m'kati, tizilombo n'kubisala pansi pake.

Dokotala wa ana

Asisita anena za chipinda, ine ndinene za mwana. Ngozi yaikulu pa mliri ndi kuika pamzere wodikira mwana amene sangadikire.

Woyamba ndi womeza batire laling'ono lobulungira, la m'wotchi kapena la m'rimoti. Likakakamira kum'mero limayamba kuwotcha mnofu pasanathe maola 2, ndipo likhoza kuboola mpaka pa mtsempha waukulu wa magazi. Pa X-ray limafanana ndi ndalama yachitsulo, koma mukayang'anitsitsa m'mphepete mumaona mizere iwiri yozungulira. Ameneyu asadikire zotsatira za kuyezedwa kachilombo. Ogwira ntchito avale ngati kuti mwanayo ali nako, batire lichoke.

Wachiwiri ndi womwa soda wopangira sopo, yemwe m'makomboni amasungidwa m'mabotolo a zakumwa. Musamusanzitse, chifukwa soda amawotchanso pobwerera. Ngati akudontha dovu kapena akulephera kumeza, kamera ilowe mkati mwa maola 24. Masiku akapitapo khoma la m'mero limafewa ndipo paipi ikhoza kuliboola, ndiye mwayi wodziwa kukula kwa bala watayika.

Wosanza magazi kapena wochita chimbudzi chakuda bii ngati phula nayenso ndi wa lero, koma ayambe walandira diripi ndi magazi. Womeza maginito awiri kapena kuposerapo nayenso sangadikire, poti amakokana kudutsa khoma la matumbo.

Pali wina amene amaiwalika chifukwa saoneka wodwala: khanda lachikasu chopitirira masabata awiri, chimbudzi chake chotuwa ngati dongo loyera, mkodzo wachikasu kwambiri. Njira za ndulu zikhoza kukhala zotsekeka. Opaleshoni ya Kasai, yotsegulira ndulu njira yopita m'matumbo, imathandiza kwambiri khanda lisanakwane masiku 60, ndiye amayi akauzidwa kuti akhale kunyumba mpaka mliri uchepe, chiwindi chimawonongekeratu.

Amene angadikire masabata angapo ndi wa m'mimba mopweteka kwa nthawi yaitali koma akudya, akukula, magazi ake ali bwino. Komabe muzimuyeza sikelo. Akayamba kutsika, wachoka m'gulu la odikira.

Wophunzira unamwino, Lusaka

Zikomo adokotala. Za batirezo, pali chimene tingachite ambulansi isanafike?

Dokotala wa ana

Uchi, mamililita 10 mphindi 10 zilizonse, osapitirira ka 6. Koma pokhapokha mwana wakwanitsa chaka chimodzi, akutha kumeza, ndipo sipanathe maola 12 chimezereni. Uchiwo umangochedwetsa kupsa. Usachedwetse ulendo.

Wogonetsa odwala

Ana ambiri amaunikidwa atagonetsedwa, ndiye chifuwa chawo chimatikhudza. Mwana amene wangodwala chimfine kapena Covid-19 amakhala ndi njira za mpweya zosachedwa kutsekeka, nthawi zina mpaka masabata 6, ndipo paipi ikakhudza pakhosi okosijeni amatsika msanga. Ngati si zachangu timasuntha tsiku ndi masabata awiri kapena anayi. Malangizo a kusala mwana asanagonetsedwe sasintha: chakudya maola 6, bere maola 4, madzi oyera maola 2. Tsiku likasinthidwa muwauze amayi msanga, mwana asagone ndi njala pachabe.

Wa ku labu

Kamera ikasowa, ntchito imagwera ife. Helicobacter pylori, kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba, amayezeka m'chimbudzi, koma mwana akhale atasiya omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'mimba) kwa masabata awiri ndi maantibayotiki kwa masabata anayi, apo ayi zotsatira zimanena kuti mulibe pomwe alimo. Dziwaninso kuti zizindikiro za kachilombo ka Covid-19 zimapezekabe m'chimbudzi cha ana masabata angapo m'mphuno mutayera, choncho kabotolo ka chimbudzi choyezedwa katsekedwe bwino, kalowe m'mapepala apulasitiki awiri. Pa kolera, monga ija ya 2024 imene odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, chenjezo la chimbudzili limakula kuposa la mpweya: chlorine wa 2 peresenti pa chimbudzi ndi masanzi, wa 0.2 peresenti pa mabedi ndi pansi, wa 0.05 peresenti posamba m'manja.