Maluwa a m'nyumba omwe sangavulaze mphaka kapena galu

Mayi wa ku Rosettenville

Moni kwa inu nonse. Funso langa mwina ena aliona ngati laling'ono, koma ine landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka lapitali. Abwana omwe ndawagwirira ntchito zapakhomo kwa zaka 5 asamukira ku Cape Town, ndipo ponyamuka anandisiyira miphika 6 ya maluwa a m'nyumba chifukwa sikanakwana m'galimoto. Ndinailandira ndi manja awiri, popeza fuleti yathu inalibe chobiriwira chilichonse. Vuto ndi lakuti pakhomo pano pali kamphaka ka miyezi 4 komwe mwana wanga anakatola kuseri kwa sitolo, ndipo mlamu wanga akabwera kudzacheza Lamlungu sasiya kagalu kake.

Loweruka ndikuchokera kogula ndiwo ndinapeza kamphaka katabisala pansi pa bedi, dovu likuchucha, kakudzipalasa kukamwa ndi phazi ngati kabayidwa ndi munga wa nsomba. Tsamba limodzi la duwa lomwe abwana ankalitcha peace lily linali ndi timabowo ta mano. Ndinakapatsa mkaka monga timachitira kumudzi, ndipo pofika madzulo kanali katayambanso kudya, koma mtima wanga sunakhazikike mpaka lero.

Maluwa enawo ndi awa, malinga ndi mayina omwe ndinkawamva pa ntchito: delicious monster, lija la masamba akuluakulu obowokabowoka, mother-in-law's tongue, clivia, hen-and-chickens, ndi kamtengo kena ka masamba okhuthala, obulungira, komwe sindikukadziwa dzina. Ndikupempha odziwa andiuze omwe ndingasunge ndi omwe ndiyenera kuchotsa, komanso ngati alipo maluwa ena otsika mtengo omwe ndingagule popanda kuika chiweto pa ngozi.

Wosamalira minda ya maluwa, Randburg

Mayi, funso lanu si laling'ono ayi. Ine ndagwira ntchito ya m'minda ya maluwa kuno ku Joni kwa zaka 14, zinayi mwa zimenezo ku nazale, ndipo funso limeneli ogula amalifunsa kawirikawiri, kungoti ambiri amalifunsa atagula kale.

Zomwe zinachitikira kamphaka kanu mukuzidziwa bwino ngakhale simunazilumikize. Kumbukirani momwe koko wosapsa bwino amayabwira kukhosi. Peace lily ndi delicious monster ndi abale a koko, ndipo m'masamba mwawo muli timisingano tosaoneka ndi maso, ta calcium oxalate, tomwe timabaya lilime ndi nkhama chiweto chikangotafuna. M'banja lomwelo muli dumb cane, philodendron, pothos ndi arum lily woyera uja amene amamera m'madambo a dziko lino. Ubwino wake ndi wakuti ululu umabwera nthawi yomweyo, choncho chiweto chimasiya chisanameze zambiri, ndipo si kawirikawiri kuti chife. Komabe sindingakulangizeni kuti musunge awiriwa m'chipinda chomwe kamphaka kamasewera, chifukwa kakatafuna kwambiri kukhosi kukhoza kutupa.

Mother-in-law's tongue ndi clivia ndi ena omwe ndikanawachotsa. Onsewa amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo pa clivia mbali yoopsa kwambiri ndi tsinde la pansi ndi mizu, komwe kagalu kokonda kufukula kangafike msanga. Ngati pali khonde lomwe ziweto sizifikako, clivia muikeni kumeneko pamthunzi, ndipo adzakupatsani maluwa ake aolenji cha mu Seputembala.

Hen-and-chickens musungeni ndi mtima wonse. Dzina lake la sayansi ndi Chlorophytum comosum, ndi mbadwa ya kuno kumwera kwa Africa, ndipo alibe poizoni. Amphaka amakonda kusewera ndi tiana take tolendewera, ndipo akadya masamba ambiri akhoza kusanza pang'ono monga amachitira akadya udzu, basi.

Pa kamtengo kosadziwika dzinako ndi pamene pafunika diso, chifukwa pali mitundu iwiri yofanana kwambiri moti ngakhale ogulitsa m'mbali mwa msewu amaisokoneza. Wina ndi spekboom, wina ndi jade plant, yemwe ena amamutcha money plant. Spekboom ali ndi timasamba tating'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, nthambi zake ndi zofiirira ndiponso zowonda. Jade ali ndi masamba akuluko, okhuthala ngati chala chachikulu, ndipo thunthu lake ndi lonenepa, lotuwa. Spekboom ndi wabwinobwino: njovu za ku malo osungirako nyama a Addo zimadya, mbuzi zimadya, ngakhale anthu amaika mu saladi. Jade amasanzitsa mphaka ndi galu ndi kuwafooketsa. Jambulani chithunzi cha tsamba pafupi ndi chala chanu kuti tione kukula kwake.

Pa maluwa atsopano oti mugule ndingatchule parlour palm ndi areca palm ngati mukufuna chachitali cha pakona, African violet kapena streptocarpus ngati mukufuna maluwa pawindo, komanso peperomia, haworthia ndi echeveria omwe safuna madzi ambiri. Calathea ndi Boston fern nawonso alibe poizoni, koma ndikuuzeni zoona kuti kuno amavuta. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu Juni ndi Julayi mpweya umauma kwambiri, ndiye mukawonjezapo hita masamba amapserera m'mbali pasanathe sabata ziwiri. Malo omwe amakhalitsa ndi kubafa, ngati kuli windo. Muchenjere ndi asparagus fern, yemwe dzina lake likunamiza: si fern weniweni ndipo tizipatso take timadwalitsa ziweto.

Mkulu wa ku Kempton Park

Sindikufuna kunyoza nkhawa ya mayiwa, koma ndilole ndifunse. Ine ndinakulira ku Ntcheu, komwe mpanda wa pakhomo pathu unali wa nkhadze, kudimba kunali koko, ndipo amphaka ndi agalu ankayenda paliponse usiku ndi usana. Sindikumbukira tsiku lomwe tinakwirira mphaka chifukwa chodya tsamba. Nyama imadziwa yokha chakudya ndi chosadya, fungo lokha limaiuza. Kodi sitikutengera mantha a eni dziko omwe amagoneka galu pabedi? Ndalama yomwe mayiwa akagulire maluwa atsopano ikanatha kupita kumudzi kukathandiza pa feteleza. Maganizo anga ndi akuti maluwawo muwaike pamwamba pa kabati, nkhani ithere pomwepo.

Wothandiza dokotala wa ziweto, Germiston

Bambo a ku Kempton Park, mfundo yanu ili ndi mbali yoona, koma ikuiwala kusiyana kwa kumudzi ndi kuno. Mphaka wa ku Ntcheu ali ndi udzu, mbewa, abuluzi ndi munda wonse woti ayendemo, choncho alibe chifukwa chotafunira nkhadze. Mphaka wotsekeredwa mu fuleti kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka mwini wake ataweruka alibe chobiriwira china koma chomwe chili mumphika, ndipo kamwana ka mphaka kapena ka galu kamayesa chilichonse ndi mano. Komanso kumudzi mphaka akasowa timangoti wagwidwa ndi fisi kapena walowa m'tchire, palibe amene amafufuza chomwe chamupha. Za pamwamba pa kabati, amene anawetapo mphaka akudziwa kuti kumeneko ndi komwe amakonda kugona.

Mayi, zomwe achimwene a ku Randburg anena ndi zolondola. Ine ndikufuna nditsindike zomera ziwiri zomwe sizili pa mndandanda wanu, koma ndi zomwe zimapha.

Choyamba ndi lily weniweni, wa mtundu wa Lilium, pamodzi ndi daylily. Awa ndi maluwa aja akuluakulu onunkhira omwe amaikidwa m'mitolo ya maluwa ya m'masitolo, ya paukwati, ya pamaliro ndi ya tsiku la anakubala. Kwa mphaka chilichonse cha duwali ndi poizoni: tsamba, duwa, mungu wake, ngakhale madzi a m'botolo momwe laikidwa. Mphaka sachita kufunika kulidya. Akangodutsa pafupi mungu n'kumumatirira pa ubweya, iye n'kudzinyambita, zakwana. Chomwe chimapusitsa anthu ndi chakuti amasanza maola oyambirira kenako n'kuoneka ngati wachira, pamene impso zikuwonongeka mwakachetechete, ndipo pakatha tsiku limodzi mpaka atatu zimasiya kugwira ntchito. Akafika kuchipatala msanga, asanathe maola pafupifupi 18, n'kuikidwa diripi, mwayi wopulumuka umakhala waukulu. Ndinaonapo mphaka yemwe anabwera ndi mphuno yachikasu ndi mungu, mwini wake akuseka kuti wadzola zodzoladzola, ndipo adokotala anamugoneka masiku awiri pa diripi. Anachira chifukwa anafika tsiku lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti galu akadya duwa lomweli amangodwala m'mimba. Peace lily wanu uja si wa mtundu umenewu ngakhale dzina likufanana, ndipo n'chifukwa chake kamphaka kanu kali moyo.

Chachiwiri ndi cycad, makamaka sago palm yemwe amagulitsidwa mumphika ngati kanjedza kakang'ono ka masamba olimba. Si kanjedza ayi. Mbali zake zonse zili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo woopsa kwambiri ali mu nthanga zake zofiira, zomwe agalu amakonda kuzikukuta. Agalu ambiri omwe adya nthangazi amafa ngakhale atalandira chithandizo. Uzani alamu anu, popeza m'mayadi ambiri a kuno cycad ali paliponse.

Za mkaka, sindikukudzudzulani, tonse tinakula tikudziwa choncho. Pa kuyabwa kwa peace lily ukhoza kuziziritsa mkamwa pang'ono, monganso kutsuka ndi madzi, koma supha poizoni wa mtundu uliwonse, ndipo amphaka ambiri umawatsegula m'mimba. Musayese kusanzitsa chiweto ndi madzi amchere, chifukwa mcherewo paokha ukhoza kupha. Koposa zonse musapatse mphaka Panado kapena mankhwala alionse okhala ndi paracetamol, ngakhale kachidutswa, chifukwa thupi lake silitha kuwasungunula. Choyenera ndi kuthothola tsamba la chomeracho kapena kuchijambula, kukumbukira nthawi yomwe zachitika, n'kuthamangira kwa dokotala. Ngati m'thumba muli mopepuka, inu muli pafupi ndi SPCA ya ku Booysens komanso Animal Anti-Cruelty League ku Regents Park, omwe amathandiza ziweto za anthu opeza zochepa.

Pogula duwa latsopano, werengani dzina la sayansi lomwe lili pa kapepala ka pamphika ndipo mulifufuze pa intaneti pa mndandanda wa ASPCA, bungwe la ku America lomwe limasiyanitsa zomera za poizoni ndi zopanda poizoni kwa amphaka, agalu ndi akavalo. Mayina a pamsika ndi omwe amasokoneza, monga mwaonera pa lily, pa palm ndi pa fern.

Wosamalira minda ya maluwa, Randburg

Achemwali a ku Germiston andikumbutsa zinthu ziwiri. Nkhadze yomwe bambo aja atchula ikugulitsidwa kuno mumiphika pa dzina lakuti firesticks, ya nsonga zofiira, ndipo anthu amaiika pakhonde osadziwa kuti ndi nkhadze yomweyo yomwe makolo ankatiletsa kuthyola kuopa utomoni wake m'maso. Imeneyo isalowe m'nyumba momwe muli chiweto kapena mwana.

Chinanso ndi dothi. Duwa likhoza kukhala labwino koma mumphika muli feteleza wa mafupa operapera, bone meal, yemwe fungo lake limakopa galu kuti afukule ndi kudya dothi lonse. Mankhwala ophera nkhono, timibulu tija tobiriwira kapena tabuluu, ndi oopsa kwambiri kwa agalu. Popeza miphika yanu yachokera pakhomo pa ena, ndi bwino kuchotsa dothi la pamwamba n'kuika latsopano. Ndipo kuti kamphaka kasiye kulimbana ndi maluwa, fesani tirigu kapena oats m'kachitini. Pakatha sabata imodzi kapena masiku 10 amakhala atamera udzu woti kazitafuna.

Bambo a ku Kempton Park, pa za ndalama musadandaule. Hen-and-chickens ndi spekboom sagula. Mumangothyola kamwana kapena kanthambi, kubzala, n'kumera.

Mayi wa ku Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse, kuphatikizapo bambo a ku Kempton Park, chifukwa zomwe anenazo ndi zomwenso amuna anga ananena Loweruka. Ndayeza tsamba la kamtengo kaja monga munandiuzira, achimwene, ndipo ndi lalikulu ngati chala changa chachikulu, thunthu lake lotuwa, ndiye kuti ndi jade. Ameneyo, peace lily, delicious monster ndi mother-in-law's tongue ndawapereka kwa amayi ena a ku mpingo kwathu omwe alibe chiweto, ndipo alonjeza kundibweretsera nthambi za spekboom za pakhomo pomwe amagwira ntchito. Clivia ndamutulutsa pakhonde ndipo chitseko chake chizikhala chotseka.

Nkhani ya lily yandiopsa kwambiri, chifukwa nthawi zambiri ndimatenga maluwa otsala ku tchalitchi Lamlungu n'kudzaika patebulo, ndipo ndikukumbukira bwino mungu wachikasu uja ukuthothokera pa nsalu. Kuyambira tsopano ndizisankhamo marozi okha, ngati achemwali a ku Germiston angatsimikize kuti amenewo alibe vuto. Tirigu ndafesa dzulo m'chitini cha jamu. Chomwe chatsala n'chakuti windo lathu lalikulu layang'ana kumwera ndipo dzuwa sililowa nkomwe m'nyengo yozizira, ndiye ndikufunsa ngati African violet angachite maluwa pamenepo, kapena ndingoyamba ndi parlour palm.