"Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa": nkuyamikira kapena nkuchenjeza?

Akuluakulu, ndithandizeni. Kusukulu tinaphunzira kuti mwambiwu umatanthauza kuti mlendo atha kubweretsa nzeru yomwe eni mudzi yawasowa. Ndinangoloweza choncho. Kukayika kwandibwerera nditawerenga Dracula, buku la Bram Stoker la mu 1897, lonena za Dracula, chilombo chooneka ngati munthu choyamwa magazi a anthu. Muli malo ena pomwe mnyamata wa ku England akumeta ndevu m'nyumba ya Dracula ku Transylvania, nadzicheka pang'ono. Mwininyumba ataona magazi anamulumphira pakhosi. Kalumo kamameta, komanso kamacheka. Kodi makolo sankatichenjeza za mlendoyo?

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Mwanawe, usapotoze mwambi. Kale lumo linali losowa pamudzi, ndipo likabuntha anthu ankangolinola pamwala. Ndi lomwelo lometera pamaliro, lomwelo lotemera mphini. Wina akafika ndi lakuthwa, mudzi wonse wapeza mwayi. Ndi mwambi woyamikira basi.

Wofunsa:
Zikomo aphunzitsi. Koma taonani zomwe Angerezi a nthawi imeneyo ankaopa. Dracula sabwera ndi nkhondo. Amalemba ntchito maloya, nagula nyumba ku London ndi ndalama zake, nakocheza pa doko la Whitby ku England pa sitima yonyamula mabokosi 50 a dothi lakwawo. Zaka zomwezo Ayuda ambirimbiri othawa nkhanza ku Russia kuyambira mu 1881 ankadzaza kum'mawa kwa London, anthu nkumadandaula za ntchito ndi matenda, mpaka boma linakhazikitsa lamulo lochepetsa obwera mu 1905. Onjezanipo chindoko, chomwe chinalibe mankhwala odalirika, cholowa m'banja mwakachetechete. Ife timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wawoyu anabwera ndi dothi lake lomwe, sanali wobwerera.

Mayi wa ku Phalombe:
Achimwene, musapite kutali. Mu 2017 kuno ndi ku Mulanje mphekesera ya anamapopa itabuka, amene ankathamangitsidwa anali ndani? Wachilendo aliyense, makamaka wa galimoto ndi chikwama. Anthu anaphedwa osalakwa, ndipo a United Nations anayamba achotsako antchito awo. Chaka cha 2002 zinalinso chimodzimodzi, njala ili pakati. Mwambi wa kalumowu palibe anaukumbuka usiku umenewo.

Wina wa ku Chipata:
Kuno agogo ankawatchula anamapopawo kuti banyama, nthawi ya atsamunda. Oganiziridwawo anali anthu akuda omwe ankagwira ntchito kwa azungu. Nanga munthu wotengedwa kupita kumigodi nkubwerako atafooka, magazi ake anapita kuti?

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Bukulo ndinaliwerenganso ine, ngakhale ndi kale. Waiwala munthu mmodzi. Dokotala wa ku England atasowa chochita ndi Lucy, mtsikana wodwala uja amene Dracula ankamuyamwa magazi, amene anazindikira nthendayo anali Van Helsing, nkhalamba ya ku Amsterdam yolankhula Chingerezi chothyokathyoka. Anabwera ndi adyo, mtanda ndi zida zothirira magazi. Ameneyo ndiye wa m'mwambi wathu. Stoker anaika alendo awiri m'buku limodzi, iwe waona wa mano yekha.

Wofunsa:
Pamenepo mwandigwira, aphunzitsi. Komabe mtsikanayo anamwalira, ngakhale anathiridwa magazi a amuna anayi. Ndiye ngati ulipo mwambi wina wochenjeza za mlendo wokhalitsa, ndiponyereni. Agogo anga ankatchula wina wokhudza nkhuku yachilendo, koma mawu ake andithawa.