Kodi madokotala amayeza bwanji kuthinana kwa mano asanaganize zozula ena?

NaBanda:
Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 ali ndi mano okwerana, makamaka akutsogolo am'munsi. Katswiri wowongola mano wanena kuti asanamuike mawaya ayenera kuzula mano anayi, ngakhale kuti onsewo ndi abwinobwino, osabooka. Papepala analemba kuti m'munsi mukuperewera mamilimita 8. Kodi nambala imeneyi amaipeza bwanji, nanga iyo yokha ndi yokwanira kuti mwana ataye mano?

Chisale:
Mayi, nambalayo imachokera pa kuyerekeza miyeso iwiri. Dokotala amadinda chikombole cha m'kamwa kapena kujambula mano ndi makina, kenako amayeza kufutukuka kwa dzino lililonse n'kuphatikiza, ndipo zotsatirazo amazichotsera pa kutalika kwa mzere wa nsagwada pamene manowo ayenera kukhala. Chotsala ndicho malo amene akuperewera. Ambiri amaphunzitsidwa kuti mamilimita osapitirira 4 kawirikawiri safuna kuzula, pamene mamilimita 10 kapena kuposerapo nthawi zambiri amafuna kuzula. Mwana wanu ali pakati, pamene akatswiri awiri odziwa bwino ntchito akhoza kusiyana maganizo popanda wina kulakwitsa.

Kawirikawiri amazula dzino loyamba kumbuyo kwa dzino losongoka, mbali zonse, m'mwamba ndi m'munsi. Lililonse limasiya mpata wa mamilimita pafupifupi 7, komabe si mpata wonse umene umapita kwa mano akutsogolo, chifukwa mano akumbuyo nawonso amasendera kutsogolo pamene mawaya akukoka.

Gama:
Zimene afotokoza a Chisale ndi zoona, koma ine ndikuona kuti pa mamilimita 8 chimene chimagamula nkhani ndi nkhope ya mwanayo. Mano okwerana akawongoledwa popanda kuzula, malo amapezeka mwa kupendeketsa mano akutsogolo kuti aloze kunja, ndipo milimita imodzi yopita kutsogolo imapereka malo pafupifupi mamilimita 2. Ngati mano a mwana ndi otuluka kale, moti amachita kukakamiza milomo kuti itsekeke mpaka khungu la pachibwano kuchita makwinya, kuwakankhiranso kunja kumangowonjezera vutolo. Komanso fupa la kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi ndi lopyapyala, choncho dzino likatulutsidwa mopitirira malire, nkhama zimatha kutsika muzu n'kuyamba kuonekera. N'chifukwa chake amajambula X-ray ya mutu cham'mbali kuti aone mmene manowo apendekera.

Mkangano umenewu si wa lero. Edward Angle, katswiri wowongola mano wa ku America, ankakana kuzula, koma wophunzira wake Charles Tweed, ataona odwala ambiri ali ndi milomo yotuluka ndiponso mano akubwerera mwakale, anawathandizanso pozula mano anayi. Chimodzi choti mufunse, mayi, ndi miyeso imene dokotala akuyerekeza nayo mwana wanu. Yambiri yakale inatengedwa pa azungu, pamene ife anthu akuda mano ndi milomo yathu mwachibadwa zimakhala zotsogolako, ndipo chimenecho pachokha si matenda.

NaBanda:
Zikomo kwambiri nonse. Milomo yake imatsekeka bwinobwino akakhala phee. Kodi palibe njira ina yopezera malowo?

Chisale:
Ilipo, koma ili ndi malire. Dokotala akhoza kupala pang'ono m'mbali mwa mano, pafupifupi theka la milimita pakati pa mano awiri oyandikana, ndipo akachita zimenezi pa mano angapo amapeza mamilimita ochepa. Kukulitsa nsagwada kumatheka m'mwamba mwana akadali wamng'ono, koma m'munsi sikudalirika. Musavomere kuti kuchotsa mano akumapeto enieni, amene amamera munthu atakula, kungalowe m'malo mwa zimenezi, chifukwa mpata wake uli kutali ndi pamene pali vuto. Pemphani dokotala akuonetseni X-ray ija, akuuzeni pamene mano akutsogolo adzathere akazula ndiponso akapanda kuzula. Mukapita kwa katswiri wachiwiri, mutenge zithunzi zomwezo kuti mwana asajambulidwenso.