Kodi giredi 9 ya Additional Mathematics ingamutsekere mwana khomo la ku yunivesite?

Atsibweni a ku Luchenza

Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi ndi makolo amene munadutsapo pa nkhani ngati iyi. Mwana wa mlongo wanga, amene ndimamulipirira sukulu, walandira zotsatira za mayeso a MSCE ndipo zili motere: Chichewa 2, Agriculture 2, Biology 3, Masamu 3, Chingerezi 4, Chemistry 5, Geography 6, Physics 7, ndi Additional Mathematics 9. Tikawerenga maphunziro asanu ndi limodzi amene wachita bwino, mapointi ake ndi 19. Mtsikanayu wakhala akulakalaka maphunziro a uinjiniya pa yunivesite ya MUST, poti sukuluyo ili konkuno ku Thyolo ndipo amaiona akamadutsa mumsewu wopita ku Limbe. Additional Mathematics anaitenga chifukwa aphunzitsi ake anamuona kuti masamu amawatha, koma lero iye akuti 9 ameneyu wamuonongera zonse ndipo sakufuna n'komwe kudzaza fomu ya NCHE, bungwe limene limayendetsa ntchito yosankha ana opita kumayunivesite aboma. Kodi n'zoona kuti osankha akaona 9 amamutaya mwana ngakhale maphunziro ena atakhoza? Nanga tim'bwezere ku Fomu 4 kapena tiyese mwayi chaka chino?

Mphunzitsi wa ku Chitakale

Bambo, choyamba mumuuze mwanayo kuti apukute misozi, chifukwa 9 amene akumulirayo si amene ali ndi vuto. Ku MANEB giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Chimene mayunivesite aboma amafuna kuti munthu aganiziridwe n'komwe ndi ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mwana wanu ali nawo asanu ndi awiri. Phunziro lachisanu ndi chinayi limene analephera sililowa m'mapointi ake, ndiponso silichotsa kanthu pa maphunziro amene anakhoza.

Pamene pali nkhani ndi pa Physics. Makolo ambiri amangogwira nambala imodzi ya mapointi ngati kuti ndiyo yokha imene imaonedwa, pamene pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imafuna, ndipo ana amene aifunsira amapikisana pa maphunziro amenewo. Uinjiniya, kaya ndi pa MUST kapena pa MUBAS ku Blantyre, umatsamira pa Masamu, Physics ndi Chemistry. Giredi 7 si credit, choncho pa pulogalamu imene yalemba kuti ikufuna credit ya Physics mwana wanu sangaganiziridwe ngakhale Chichewa ndi Agriculture zitawala chotani. Mwana wina wa mapointi 22 amene Masamu ndi Physics anapeza 3 akhoza kumupitirira, ndipo ndaona makolo akukhumudwa ndi zimenezi n'kumaganiza kuti pachitika chinyengo, pamene vuto linali kasankhidwe ka mapulogalamu pa fomu.

Ndikanakhala inu ndikanakhala naye pansi ndi chilengezo cha NCHE cha chaka chino, n'kuwerenga mzere ndi mzere zimene pulogalamu iliyonse ikufuna. Munthu wa Agriculture 2, Biology 3, Masamu 3 ndi Chemistry 5 ali ndi poyambira pabwino ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda, ndipo ngakhale pa MUST pomwepo si zonse zimene zili za uinjiniya. Musalole kuti adzaze malo onse a pa fomu ndi mapulogalamu otchuka okhaokha, chifukwa malo m'mayunivesite aboma asanu ndi limodzi amene tili nawo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene amakwanitsa ma credit ofunikawo.

Mayi a ku Makwasa

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa za Physics, koma ndikufuna kuwonjezera kuti tisamaone ngati NCHE ndiyo njira yokha. Ife a kuno tili ndi mwayi umene a m'maboma ena alibe: sukulu ya zaumoyo ya Malamulo ili kuno ku Makwasa, ya anamwino ndi azamba ili ku Mulanje Mission, ndipo ya Holy Family ili ku Phalombe. Sukulu zimenezi zimalengeza zokha malo ndipo zimayang'ana kwambiri Biology, Masamu, Chingerezi ndi maphunziro a sayansi, choncho muwerenge bwino ngati zikufuna Chemistry ndi Physics zonse ziwiri kapena chimodzi mwa izo. Palinso Catholic University ku Nguludi, ngakhale kuti fizi ya sukulu zoima pazokha ndi yolemera kwa banja lodalira malipiro a ku esiteti ya tiyi.

Ponena zobwereza, ine mtima wanga sukhala m'malo akakhala mwana wamkazi. Chaka chimodzi chokhala pakhomo kapena chopita ku open masana okha ndi chachitali, ndipo tonse tikudziwa atsikana amene anati abwereze kuti akonze phunziro limodzi koma mapeto ake anali banja. Ngati khomo lina latseguka panopa, alowe.

Wophunzira wa ku Bvumbwe

Pepani mayi, ndiloleni nditsutseko pang'ono mwaulemu. Ine ndinabwereza Fomu 4 nditapeza 7 pa Masamu, ndipo panopa ndili pa yunivesite yaboma. Kubwereza kumathandiza ngati munthu akudziwa chimene chinamugwetsa. Pa sukulu imene ndinayamba kulembera mayeso panalibe labotale yeniyeni, ndipo zipangizo za practical tinazigwira koyamba mayeso atayandikira. Ndikukayikira kuti 7 wa mchemwali wathuyu wachokera pa vuto ngati lomweli, chifukwa munthu wopeza 3 pa Masamu sakanika kuwerengera kwa mu Physics. Ngati ndi choncho, kumubwezera pa sukulu yomweyo n'kutaya ndalama, koma kumupezera malo pamene pali labotale ndi mphunzitsi wa Physics wokhazikika kungasinthe zinthu.

Chimene sindingamulangize ndicho kutenganso Additional Mathematics. Phunziroli ndi labwino ndipo amene analichita amapepukidwa m'chaka choyamba cha uinjiniya, poti zinthu monga calculus amakhala ataziona kale, koma limadya nthawi yochuluka, ndipo n'kutheka kuti maola amene anathera pamenepo ndi amene Physics inkafuna. Aphunzitsi ena amalimbikitsa ana anzeru kutenga maphunziro asanu ndi anayi kapena khumi osaona kuti mphamvu zikumwazika.

Komanso atsibweni, mufunse mwini wakeyo. Ngati mtima wake uli pa uinjiniya, kumuika ku unamwino chifukwa chakuti sukulu ili pafupi kungadzamupweteke iye pamodzi ndi odwala amene adzawasamalire.

Mphunzitsi wa ku Chitakale

Mnyamatayu wanena zoona pa za labotale, ndipo mayi nawonso sakulakwa. Koma ziwirizi sizikulimbana ayi. Kudzaza fomu ya NCHE chaka chino sikumuletsa kulembetsa mayeso a chaka chamawa. Adzaze fomuyo mosamala, aike mapulogalamu amene magiredi ake akukwanira, ndipo pamene mukudikira mayina, ayambe kuwerenga Physics ndi munthu woidziwa. Akasankhidwa ku pulogalamu imene waikonda, zobwereza zatha, ndipo mutha kufunsira ngongole ya fizi ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede. Akapanda kusankhidwa, adzakhala atayamba kale kukonzekera. Musanalipire ndalama za mayeso, mufunse ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu ngati kuli bwino kulemba maphunziro onse kapena owerengeka, ndipo muyerekeze ndi zimene chilengezo cha NCHE chikunena pa zotsatira za zaka zosiyana, chifukwa ndaonapo ana akulemba phunziro limodzi lokha n'kudzapeza kuti pulogalamu imene amafuna sikulola kuphatikiza motero.

Atsibweni a ku Luchenza

Zikomo kwambiri nonse. Ndamuwerengera mwanayu mayankho anu pamodzi ndi mayi ake, ndipo wavomera kudzaza fomu. Pa za labotale watsimikiza kuti ndi mmene zinalili kwa iwonso. Aphunzitsi, ngati simutopa nane, tikapeza chilengezocho ndidzalemba pano mapulogalamu amene wasankha kuti mutiunikire tisanatumize, makamaka a ku Bunda amene ife sitiwadziwa bwino.